Dzina la Amayi Ako M'munsi mwa Tsamba

Wokondedwa mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tikudzuka ndithu, kupatula bondo langali limene likufuna kupuma pantchito mwini wake asanalole.

Buku lako la digiri lafika. Azakhali ako atalinyamula anati ndi njerwa yeniyeni, tisaliike pofikira ana. Ine ndinavala magalasi n'kukhala nalo pakhonde. Chizungu chako n'chakuya, mwanawe, ndinkangoyandama pamwamba. Koma chimene chinandizunguza mutu ndi timanambala tating'ono tomwe tatera pamawu ngati ntchentche. Ndinayesa kutipukuta ndi chala.

Mlamu wako, mphunzitsi uja, anaseka mpaka kutsamwa. Anandifotokozera kuti kanambala kalikonse kamakulozera m'munsi mwa tsamba, pomwe wolemba amatchula amene anamuuza mfundoyo, kuopa kuba nzeru za eni. Akuti kumapeto kulinso mndandanda wa mabuku onse amene unawerenga. Ndinati basi, ndiye kuleredwa bwino kumeneko, wodya kwa eni amathokoza.

Ndinayamba kutsata timanambalato. Nditafika pamutu wa amayi amene ankachotsedwa ntchito kufakitale yosoka zovala akakhala oyembekezera, ndinatsitsa chala, n'kupeza dzina la malemu amayi ako. Lonse lathunthu, pakati pa maprofesa! Unalemba kuti unacheza nawo kunyumba kwawo, n'kuikapo tsiku.

Tsikulo ndikulikumbuka. Munali kukhitchini, foni ili patebulo ikujambula mawu, iwo akusita mayunifomu a adzukulu. Ine ndinkangolowa ndi kutuluka, kufunsa komwe kuli nsapato zanga, mpaka anandikalipira kuti ndikuwononga sukulu ya mwana. Ndani ankadziwa kuti chaka chimenecho sachimaliza?

Ndinalira, mwanawe, sindikubisa. Azakhali ako nawonso anagwetsa misozi n'kunamizira utsi, chonsecho panalibe amene anakoleza moto.

Tsono ndili ndi pempho. Ngati zimene unajambulazo ukadali nazo, nditumizire pafoni ya mlamu wako, iye adziwa kotobwanya. Nkhope ya amayi ako ndimaiona pachithunzi tsiku lililonse, koma mawu awo ayamba kundithawa. Ndimayesa kukumbuka momwe ankandiitanira, n'kumangomva mawu anga omwe. Usadulepo kalikonse, ngakhale pamene akundikalipirapo. Makamaka pamenepo.

Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo kamdzukulu kanga ukauze kuti agogo akukadikira. Mulungu akusunge, akupatse tulo tabwino tsopano poti sukulu yatha. Watinyaditsa tonse, ndi amene anatsogola omwe.

Ndine,
Bambo ako