Chikho Chopaka Utoto

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA UTUMIKI WA KUNJA, MPINGO WA EMAU, NTHAMBI YA CHIPONDE

Tsiku: Loweruka, 9 Julaye 1994
Malo: M'tchalitchi, mbali yosalowa mphepo
Opezeka: Bambo Barnaba Mdoka (Wapampando), Mayi Keti Kalanje (Msungichuma), Bambo Yona Mbaya, Kolnelio Matola (Mlembi)
Opepesa: Bambo Davide Lourenco, woimira abale othawa nkhondo, amene akumanga katundu
Woitanidwa: Mayi Celestina, wotsuka ziwiya za Mgonero

1. Kutsegula

Wapampando anapemphera, kenaka anawerenga mawu otiletsa kuweruza anzathu. Mamembala onse anavomera mwamphamvu, aliyense akuyang'ana mnzake.

2. Ulendo wa ku Mozambiki

Wapampando anakumbutsa komiti kuti magalimoto obweza abale othawa nkhondo anyamuka Lachiwiri. Wapampandoyo apita nawo monga mtumiki wathu woyamba wa kunja, kukayambitsa mpingo kumudzi kwa Mayi Celestina, mmodzi wa othawawo, kupitirira Mandimba, ndipo akafikira pakhomo pa mayiwo. Bambo Mbaya anafunsa ngati malo ofikika pa njinga angatchedwe kunja. Wapampando anati pali chipata, pali chidindo, ndiye kuti ndi kunja. Anaonjeza kuti Chipwitikizi achigwira tsopano, ndipo anatipatsa moni wa m'mawa ngakhale dzuwa linali litapendeka. Mlembi, amene poyamba anadzipereka kupita koma anabwerera m'mbuyo atamva za mabomba okwirira pansi, anaomba m'manja kuposa onse.

3. Mlandu wa zikho

Msungichuma anafotokoza kuti m'chaka cha kolera komiti ino inagula chikho chachiwiri cha Mgonero, choti azimwera abale othawa nkhondo okha. Iwo eni anachipaka kadontho ka utoto wofiira kunsi kuti chisasokonezeke ndi chathu. Matendawo anatha kalekale, koma komiti sinapezebe mpata wochotsa lamulolo. Lachinayi, pofuna kupereka chikho chawocho kwa opitawo, anapeza kuti zonse ziwiri n'zoyera mbee, utoto palibe. Anapempha kuti Mayi Celestina aimitsidwe pa Gome la Ambuye.

Bambo Mbaya anati Mgonero wa mawa ndi wotsiriza mayiwo asananyamuke, ndipo tikawaimitsa adzachoka ku Malawi ali pa chilango, atapemphera nafe zaka zonsezi. Msungichuma anati lamulo ndi lamulo. Anati komanso iwo chikho chathu amachidziwa pongochigwira, chifukwa n'cholemerako.

Zikho zinaikidwa patebulo. Msungichuma analoza cha kumanja. Wapampando ananunkhiza zonse ziwiri, analoza cha kumanzere. Mlembi anagwirizana ndi Msungichuma, kenaka ataona nkhope ya Wapampando anagwirizana ndi Wapampando. Bambo Mbaya anati dzulo anakafunsa a Atumani, Msilamu wa golosale amene anatigulitsa zikhozo. A Atumani anayankha kuti, "Wallahi, zonse zinatuluka m'katoni imodzi. Ine sindinadziwe kuti china n'chothawa kwawo." Anaperekanso moni ku komiti.

Mayi Celestina anaitanidwa kulowa. Anakana benchi, anakhala pansi. Msungichuma anafunsa kuti utotowo unachoka liti.

"Sabata yomwe munapaka ija, amayi," iwo anayankha. "Ndinakwecha ndi mchenga ndi phulusa. Kuyambira pamenepo ndimangoika china uku, china uko. Chikho chikadzaza vinyo, ndani angachitembenuze kuti aone kunsi?"

Komiti inazindikira kuti kwa zaka ziwiri yakhala ikumwera pamodzi ndi abale othawa nkhondo, ndipo palibe membala amene wadwalapo. Msungichuma wanenepa ndithu. Wapampando, pofuna kuwatsegulira mayiwo khomo lothawira, anafunsa ngati mwina ankayesa kuti kadonthoko ndi litsiro.

"Ayi, abambo, musandinamizire. Ndinkadziwa kuti kadontho kaja ndi ine."

Atafunsidwa chifukwa chimene sanakanenere ku komiti, anati, "Ndikananena mukanapakanso. Mwana wanga ndinamukwirira m'thengo pobwera kuno, popanda ndi nyimbo yomwe. Pa Gome pokha ndi pamene ndimamva kuti ndili ndi abale. Ndiye ndizimwera m'chikho chokhala ndi chizindikiro ngati mbuzi ya eni?"

Msungichuma anati nkhani si imeneyo, nkhani ndi kusamvera komiti. Anatulutsa m'chikwama kachitini ka utoto kamene anabwera nako kuti chikho chimodzi chipakidwenso, anakaika patebulo. Mayi Celestina anakayang'ana, kenaka anapempha chilolezo chofunsa funso. Wapampando anavomera.

"Abambo, kwathu nkhondo inaswa zonse. Pakhomo panga padzakhala kapu imodzi, mbale imodzi, ndipo mlendo wochokera kunja mudzakhala inuyo. Ndiuzeni lero lomwe kuti ndisakalakwenso. Kachitini aka ndinyamule, ndikakupakireni yanu?"

Mlembi anayang'anitsitsa cholembera chake, ndipo akuvomereza kuti manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Wapampando anavula magalasi, anati, "Musanyamule, mayi. Ndikamwera momwe mukamwere inu, mukandilola." Mawuwa anawanena m'Chichewa.

Zogwirizana:
(a) Mlandu wa Mayi Celestina wathetsedwa. Bambo Mbaya anati pakafunika dzina lopereka kwa abusa, tipereke la komiti. Maganizowa sanapeze wowachirikiza.
(b) Mawa mpingo wonse umwera m'chikho chimodzi, ndipo ayambe ndi Mayi Celestina.
(c) Chikho chinacho chipita ku Mozambiki. Popeza palibe akudziwa kuti ndi chiti, Wapampando atenge chimene chili pafupi ndi dzanja lawo.

4. Zina ndi zina

Bambo Mbaya anafunsa zochita ndi utoto. Komiti inagwirizana kuti upakidwe pa chitseko cha chimbudzi cha abambo, chimene chakhala chikudikira chiganizo chathu kuyambira chaka chatha.

Msungichuma anapempha kuti mawa asungiridwe malo pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi Mayi Celestina, kuti chikho chikachoka pakamwa pa mayiwo chifike kwa iwo. Mayi Celestina anati malo alipo, koma benchiyo ili ndi msomali, abwere ndi chitenje chokhuthala. Msungichuma analamula Mlembi kuti asalembe zoti iwo analira. Mlembi wamva.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 13 Ogasiti 1994, motsogozedwa ndi Bambo Mbaya, popeza Wapampando adzakhala ali kunja.

6. Kutseka

Msonkhano unatha nthawi ya 4 koloko madzulo. Wapampando anapempha Mayi Celestina kuti atseke ndi pemphero. Anatipempherera mmodzimmodzi potchula mayina, kenaka ananyamula zikho zonse ziwiri kukatsuka m'beseni limodzi. Msungichuma anawatsatira ndi ndowa ya madzi.

Barnaba Mdoka, Wapampando

Kolnelio Matola, Mlembi