Phazi la Hamish pa Katoni ya Maapozi

Cygnet, Tasmania
28 Epulo

Wokondedwa mng'ono wanga Kerryn,

Ndikhulupirira uli bwino ku Darwin kotenthako, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Ife kuno tilipo. Amayi bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha ndiye sipadwala. Alamu ako a Dermot akupereka moni.

Maapozi tamaliza kuthyola Lachinayi. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje yachita chikasu, masamba ayamba kuyoyoka, ndipo ukudziwa kale chimene chimatsatira. Loweruka amayi anatulutsa nsalu ija m'kabati, tinaiyala patebulo la m'shedi yolongedzera zipatso.

Mtengo umene malemu bambo anajambula pansaluyo sunasinthe, masamba okha ndiwo achuluka. Mwana aliyense wa m'banja mwathu amadindapo dzanja la penti chaka chake choyamba kuona masamba akugwa, dzanjalo n'kukhala tsamba lake. Lako lofiira lidakali panthambi ya pamwamba. Langa lachikasu lili m'munsi, lopotoka, poti akuti ndinkalira ngati akundipha.

Chaka chino inali nthawi ya Isla, khanda la achimwene athu a Rowan. Ana okulirapo tinawadulira maapozi pakati kuti aziviika m'penti n'kumadinda pamapepala. Pippa wanga, wa zaka zinayi tsopano, anadzipaka mpaka m'makutu. Amayi amvekere ana a masiku ano penti amadya yambiri kuposa imene amapaka.

Tikuseka choncho, Pippa anayamba kuloza masamba a pansalu, kutchula mwini wake limodzi ndi limodzi. Kenaka anafunsa kuti nanga tsamba la mwana wako Hamish lili kuti. Amayi anamuyankha mofatsa kuti Hamish anatisiya masamba asanayambe kugwa. Pippa anati limenelo ndi bodza, chifukwa phazi la Hamish analiona m'bokosi la nsapato, kuseri kwa majuzi anga.

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ana atatuluka anandiuza kuti ndikulembere ndi dzanja langa, apo ayi akuimbira foni okha. Ndiye ndi ino kalatayi, Kerryn. Khala pansi.

Ukukumbukira tsiku lija la mu Malichi, zaka ziwiri zapitazo, unandisiyira mwana wako popita kukachotsa dzino ku Hobart? Unali utanena kale kuti Hamish asakhudze penti mpaka zidzolo za pakhungu lake zitapola, ngakhale tsiku la nsalu litakwana. Ine ndi kuuma mutu kwangaku ndinati ndikudziwa bwino kuposa iwe, poti ndakhala ndikusewera ndi makanda a eni kumkomba phala zaka khumi.

Ndinasakaniza yogati ndi madzi a bitiruti, mbatata yofiira ija, penti imene mwana ngakhale anyambite sizivuta. Ndinayesa dzanja, koma khanda la miyezi isanu silitambasula zala, linangofumbata chibakera. Ndiye ndinampaka kuphazi. Anaseka, Kerryn, kuseka kokhala ngati ntchirikitchiri yamugwira. Ndinang'amba chidutswa cha katoni ya maapozi n'kudindapo. Zala zonse zisanu zinaoneka bwinobwino.

Ndinamusambitsa kawiri. Utabwera unafunsa chifukwa chake akununkhira sopo masana, ine ndinati wabwezera mkaka. Ndinkafuna kudzakuonetsa pa tsiku la nsalu, tidzaseke.

Patapita masiku asanu ndi anayi, unamugoneka masana ndipo sanadzukenso.

Madokotala anati si cholakwa cha munthu, zimachitika kwa makanda popanda chifukwa chodziwika. Makutu anga anamva, koma mtima unakana. Titachoka kumanda unalowa m'shedi, unatambasula nsalu, n'kunena kuti mwana wako alibe ngakhale tsamba, ngati sanabwere n'komwe. Ine ndinali pambali pako, nditakugwira phewa, pakamwa nditatseka. Ndinkaopa kuti unena kuti ndamupha ndine.

Chaka chatha ndinalimba mtima kufunsa dokotala wathu. Anati yogati wa kuphazi sangachite zimenezo, ndichotse maganizo amenewo. Mantha anatha, manyazi n'kulowa m'malo mwake. Ndikanayamba bwanji kukuuza kuti chinthu chimene unkalirira ndakhala nacho m'kabati nthawi yonseyi? Ndinakulakwira kawiri: ndinaswa mawu ako, kenaka ndinakubisira mwana wako. Kachiwiriko ndiko kamandidya mumtima tsiku ndi tsiku.

Sindikukuumiriza kuti undikhululukire. Ukafuna kunditukwana, nditukwane, ndikhala chete.

Chimene ndikupempha ndi chakuti ubwere. Bitiruti si penti ya m'sitolo, amasuluka. Phazi linali lofiira, lero likuoneka ngati dontho la tiyi. Ndalijambula pafoni, koma chithunzi sichinakhudzepo khungu lake. Kutumiza papositi sindingayerekeze, lingatayike panjira.

Amayi akuti katoniyo aisokerera pansalu pokhapokha iwe utalola. Akuti nthambi yoyandikana ndi dzanja lako akhala akuikaniza ana onse, ngakhale Isla anamudinditsa kwina. Nsalu sanaipinde, idakali patebulo. A Dermot adzakuchingamira ku bwalo la ndege tsiku lililonse limene unganene. Ngati nkhope yanga sukufuna kuiona, ndidzachoka pakhomo, bokosi udzalipeza m'manja mwa amayi.

Upereke moni kwa anzako a kuntchito amene amakusamala kumeneko. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu yowerengera kalatayi mpaka pano.

Koma usadikire chaka chamawa, mng'ono wanga. Lero m'mawa ndatsegulanso bokosi. Chala chaching'ono sichikuonekanso. Zinayi zidakalipo.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Narelle