Dothi la Kudambo

Lolemba, 14 Ogasiti 2006

Ndaona malodza lero. Ellina, mwana wa malemu a Kalinde, wabwera kuchokera ku Blantyre ndi kompyuta yonyamula m'chikwama. Komiti yatipatsa ntchito yomanga chidikiro cha amayi apakati pafupi ndi chipatala, iye kujambula, ine kumanga. Wandionetsa nyumbayo ikuzungulira yokha pagalasi. Denga lanjerwa zosaotcha, lokhota ngati uvuni wa buledi. Popanda phaso, popanda lata! Zaka makumi atatu ndikumanga, sindinamvepo. Akuti mitengo yatha ndi kuotcha njerwa. Pamenepo sananame.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Wayeza dothi malo anayi. Kompyuta yasankha katondo wa pachulu chija cha m'mphepete mwa manda. "A Mateyu, dothi lake likhale lomweli, osasintha," watero. Tonse tavomera kuti chabwino. Atangokwera basi, anthu aseka. Khasu kumanda popanda maliro? Ndani? Kompyuta ilibe abale ogona kumeneko.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Tikuumba ndi dothi la kudambo. Makande, tasakaniza ndi katondo pang'ono kuti njerwa zifiire. Kumutsutsa pagulu mwana wophunzira, wamasiye, wodzipereka yekha, sitikanatha. Dothi ndi dothi, ndadziuza choncho.

Lachisanu, 20 Okutobala

Tachotsa mitengo yochirikiza. Anthu anathawira patali. Denga laima! Ndalowa, ndakuwa, laima ndithu. Kunja dzuwa lootcha, m'kati kuzizira ngati mumtsuko. Ellina walira, wandigwira dzanja, akuti bambo ake akanaona. Ndayang'ana kumbali.

Lolemba, 6 Novembala

Mvula yoyamba dzulo. M'mawa ndakwera pamwamba kukaona. Mayo ine. Mng'alu kuyambira pakhomo mpaka pakati, chala changa chikulowa chonse. Njerwa zafufuma, zina zikunyenyeka m'manja. Makande ndimawadziwa kuyambira ubwana, amatupa ndi madzi, amang'aluka ndi dzuwa. Ndinkadziwa. A Vitalis, apampando a komiti, akuti ndimate bwinobwino, alendo abwera Loweruka kudzatsegulira, tisachite manyazi. Ndamata.

Lachitatu, 8 Novembala

Ndapalasa njinga mpaka pamsika kukamuimbira foni Ellina. Ndamuuza zonse. Wandiyankha kuti: "Mukanangondiuza, bambo. Ndikanayeza dothi lina, kompyuta ikanawerenganso tsiku limodzi." Tsiku limodzi! Ife kubisa miyezi itatu. Akuti pasalowe munthu, abwera mawa, tigumula. Manyazi andigwira, sindinadye.

Madzulo ano mayi a kunyumba angofika kuchokera kuchigayo. Akuti aona amayi asanu apakati atayala kale mphasa m'chidikiro muja, a Vitalis awatsegulira masana poti kukhonde la chipatala kukutentha. Mitambo yada bii kuphiri. Padenga la nyumba yanga payamba kale kudontha. Ndapita, ndikawatulutse.