Ndiwo za Jessie zomera m'mapaipi

Kawale, Lilongwe
6 Julayi

Okondedwa alongo anga a Silvesta,

Ndati ndimve za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi onse ku Mtakataka. Kodi bondo lija lasiya kuwawa? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira kuposa kwathu. Akundilembera ndi mayi Cecilia, anzanga a kumphakati, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikuyankhulira, asakometsere.

Ndiyambe ndi kukuwerengerani mbumba yanu. Mathias tsopano ndi mphunzitsi wamkulu ku Ntcheu. Chikumbutso watenga chiphaso choyendetsera galimoto zikuluzikulu, wafika nazo mpaka ku Beira. Alinafe wamaliza maphunziro a uzamba, akugwira ntchito ku Salima. Ndiye pali Jessie, chitsiriza wanga, amene munanena pa Pasaka kuti anataya khasu, choncho dimba lake la ku Nadzipulu mulipereka kwa ena. Tsiku lija ndinakhala chete poti ndinali ndisanaone. Tsopano ndaona.

Achimwene, mwana uja akulima. Pamene akukhala palibe munda, bwalo lake ndi la simenti, kukula kwake ngati khola lanu la mbuzi. Koma pakhoma waimika mapaipi oyera mizere isanu ndi umodzi, wina pamwamba pa unzake, ndipo m'mabowo mwake mukumera mpiru, repu ndi letesi. Dothi mulibe ndi pang'ono pomwe. Pansi pali thanki ya nsomba za makumba. Kapampu koyendera dzuwa kamakweza madzi a nsombazo kupita m'mapaipi, ndiwo n'kumadya zonyansa za nsomba, madziwo n'kubwerera oyera. Akuti ndowa ziwiri zimakwana sabata yonse. Inu mukudziwa mmene ine ndi malemu amayi tinkathyokera msana ndi ndowa kudimba.

Ndikuuzeni zamanyazi zomwe ndinachita, musadzazimve kwa ena. Tsiku lachiwiri nditafika kuno, Jessie atapita kukasiya ndiwo kwa ogula, ndinazula mpiru umodzi n'kuona mizu ili mbee, ikungolendewera m'madzi. Zinandimvetsa chisoni. Ndinati mwanayu akusowa womuthandiza kubandira. Ndinakatapa dothi kuseri kwa mpanda, n'kusakaniza ndi phulusa, n'kubandira mapaipi awiri athunthu bwinobwino, monga tinaphunzitsidwira. Pofika masana pampu inali itatsekeka, madzi ataima, mpiru utawerama, nsomba zikuyasamula pamwamba.

Jessie atafika anangogwira m'mutu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti m'Lilongwe monse muno palibe munthu anabandirapo paipi mwaluso ngati ine. Tinatsuka mapaipiwo awiriwiri mpaka madzulo. Mpiru wa mzere umodzi unafa, nsomba zinapulumuka zonse. Mawa lake anandipatsa matumba asanu ndi matayala akale atatu, amvekere poti manja anga sakhala opanda dothi, munda wanga ukhale umenewo. M'thumba limodzi loimika, lobooledwa m'mbali, ndabzala mbande makumi awiri za ndiwo. Manyowa ake ndi makoko a nthochi ndi zotsala za kumsika zomwe amawoletsa m'mgolo.

Loweruka lililonse amayi a m'dera lino amadzaza pabwalo kudzaphunzira, ena ovala mawotchi, ena ochokera ku Chinsapo wapansi. Onse amamutcha aphunzitsi. Sabata yatha anandiimika patsogolo pawo, n'kuwauza kuti kusankha mbewu ndi kudziwa tsamba lodwala anaphunzira kwa ine, kudimba la ku Nadzipulu. Ine ndinangokonza duku.

Tsono taganizani, achimwene. Dimba la amayi tinagawana anthu anayi, lero adzukulu apitirira makumi atatu, ndipo mtsinje ukudya gombe chaka ndi chaka. Anawa adzalima pati? Ambiri adzakhala m'tauni ngati muno, pasimenti. Amene akudziwa kudyetsa banja ndi malo ochepa ndi yemweyo mukuti anataya khasu. Iye akufuna kuti pachigawo chake paja pazibzalidwa luni, bonongwe, denje ndi chisoso zoti zikhwime, mbewu yake izibwera kuno, chifukwa anthu a m'tauni akuzifuna koma mbewu ikusowa. Akufunanso kuphunzitsa achinyamata a kwathu zolima m'matumba.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu mwini mbumba, mawu omaliza ndi anu, koma dimbalo musalipereke musanamuone mwanayo ndi ntchito yake. Za kalatayi iye sakudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ku Golomoti, kwa achemwali ndi ana awo ku Mua, ndi kwa asuweni onse. Ana anga anayi agwirizana kuti chiliza cha amayi tidzachionetse Loweruka pa 15 Ogasiti, ndipo onse adzabwera. Jessie adzanyamula paipi imodzi ndi ndiwo zake zili momwemo, kuti mudzaone ndi maso anu. Mudzaigwire, mudzalawe, mudzafunse zonse. Koma chonde, achimwene, musadzabandire.

Ndatha ine mlongo wanu,
Ellen Nangozo