Sanda ya Bwana Don Evaristo

Kawale 2, Lilongwe
14 Ogasiti 2006

Okondedwa Achimwene a Adamu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Namwerako. Kuno tilipo, kupatula mayi a kunyumba, a Mwanabibi, amene akudandaula msana.

Ndalandira kalata yanu yonena kuti Bambo asiya kudya, ndiponso kuti tsiku likafika ine ndisadzakhudze thupi lawo chifukwa cha zimene mwamva, zoti ndinasambitsa maliro a mzungu. Ndikupempha mwaulemu kuti mumvenso mbali yanga.

Mzungu amene akunenedwayo anali Bwana Don Evaristo, nkhalamba ya ku Spain yomwe inkachita lendi ku Biwi. Anabwera kuno kutsatira mlongo wawo, sisitere wa Chikatolika, amene anamwalira mu 2001. Mayina anali nawo asanu ndi awiri, koma ana ankangowatcha Agogo Mzungu.

Tinadziwana pakhonde pomwe ndimasokera. Anabwera ndi jekete yakuda ya ulusi wagolide kuti ndiichepetse, ati ndi yodzaikidwa nayo m'manda. Ndinaichepetsa katatu, chifukwa mwini wake ankangotha. Iwo ankaseka, ati telala ndi imfa tikupikisana.

Pa benchi yanga anandifotokozera mbiri yawo m'Chichewa chothyokathyoka. Anabadwira m'banja lachifumu la minda yosaoneka malire. Anakhala kazembe ali ndi zaka makumi atatu, kenaka bwanamkubwa wa chigawo, pomaliza nduna ya boma. Chaka china anthu a m'migodi ananyanyala ntchito. Iwo anasayina kalata yotumiza asilikali atavala jekete yomweyo, ndipo anthu khumi ndi mmodzi anaphedwa. Boma litasintha, palibe anawazenga mlandu. Anangowapatsa mpando wina m'nyumba ya malamulo. Ankati chimenecho ndicho chinkawasowetsa mtendere.

Tsiku lina anandipeza ndikudula sanda ya mlonda wa pamsika. Anafunsa ngati mfumu ndi mlonda amalandira yofanana. Ndinati inde, nsalu zoyera zitatu basi. Kenaka anati jekete ija sangapite nayo kwa Mulungu, ndidzawakulunge ngati mlondayo. Ndinawauza kuti iwo si Msilamu. Anandigwira mkono, nati alibe winanso. Ndinalonjeza.

Anamwalira pa 9 Juni. Abale awo anangoimba foni kwa abambo ansembe. Malemuwo ndinawasambitsa ndekha monga Bambo anatiphunzitsira, kuyambira kumanja, ndipo ndinawakulunga. Ansembe anawaika m'bokosi ali m'sanda yomweyo.

Tsopano ndivomere chimene simunamve. Sindinangowakulunga ayi. Manja akugwira ntchito, pakamwa panga panayamba pokha mapemphero amene timanenera Msilamu. Ndinazindikira ndili pakati, koma sindinasiye. Ndinaona kuti kusiya munthu pakati ndi nkhanza. Ndinakauza Shehe ndekha, ndipo anagamula kuti ndisasambitsenso maliro a pamzikiti mpaka akuluakulu adzakumane. Mpaka lero sanakumane. Pa maliro awiri apitawa ndinaima kunja kwa mpanda ngati mlendo.

Achimwene, sindikutsutsa Shehe, ndipo sindikunena kuti mzungu uja anali woyera. Mlandu wake uli kwa Allah. Koma Bambo anaphunzitsa ntchitoyi ife awiri, ndipo inu dzanja lanu lamanzere silikugwiranso. Tsiku likafika, mudzawatembenuza bwanji Bambo nokha powasambitsa?

Ngati simungalole, ndilandira. Koma mundilole kutunga madzi ndi kuwaika pakhomo. Ndidzaima chofulatira.

Musawauze Bambo za kalata ino. Muwauze kuti Zaki akubwera Lachisanu pa basi ya m'mawa.

Mundiperekere moni kwa Mayi, alamu ndi azakhali a Aminah. Allah akusungeni nonse, ndipo awapepukitsire Bambo ululu.

Ine mng'ono wanu womvera,
Zaki Gwanda