Mesenjala, Selo ndi Majini

Achimwene okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tikudzuka ndithu, kupatula chifuwa cha abambo chimene mukuchidziwa kale, chija chimayamba kukangozizira.

Nkhani yabwino ndi yakuti mayeso anga ayandikira. Ndikakhoza, kusitolo ya mankhwala kuja andichotsa pa ntchito yopukuta mashelefu n'kundiika pa kauntala. Koma si zimene ndatengera cholembera. Achimwene, pakamwa pangapa pandipaliranso mlandu, ndipo ulendo uno ndi waukulu.

Mutu umene umandizunguza bongo ndi wa katemera wamakonoyu, uja amati genetic vaccine. Mawu ake onse ndi a Chingerezi, ndipo aphunzitsi athu anati amene sangathe kuwafotokozera kholo lake m'chinenero chakwawo ndiye kuti sanawamve. Ndiye ndimayeserera pa abambo. M'mawa ndikamawameta ndevu pakhonde, iwo ali duu kuopa lezala, ine ndimangolakatula.

Tinayamba ndi messenger. Anati ameneyo akumudziwa, si mesenjala? Ndinati ndi yemweyo. Kenako cell. Apa ndiye anasangalala moti ndikanawacheka tsaya. Munthu wakalambira pa ulonda wa ndende, ungamuuze chiyani za selo?

Ndinawafotokozera kuti thupi lonseli ndi timaselo, ndipo katemerayu ndi mesenjala wolowa mu selo atanyamula uthenga. Selo ikawerenga uthengawo imapanga kachidutswa kofanana ndi khungu la kachilombo, asilikali a m'thupi n'kuloweza nkhope yake. Tsiku limene kachilombo kenikeni kadzabwere, adzakagwirira pa geti pomwe.

Anafunsa ngati mesenjalayo amagona konko. Ndinati ayi, akapereka uthenga amatha yekha. Anati ndiye ndi waulemu ameneyo, a kuntchito kwawo ankayamba apempha kaye tiyi.

Moti anali atavomera kukabayitsa, achimwene. Mukukumbuka kuti adokotala anati ndi mapapo awowa asayerekeze kuphonya katemera. Jekete anali atalisita okha n'kulipachika kuseri kwa chitseko, kungodikira tsiku lopita kuchipatala.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo likwane, tinafika pa mawu akuti gene. Polemba ndi zina, koma potchula amati jini. Anati ndibwereze. Ndinati jini, akachuluka majini. Anandigwira dzanja la lezala n'kufunsa ngati ndikunena majini amene iwo akuwadziwa.

Apa ndi pamene ndikanangoti ayi abambo, ndi Chingerezi chabe, ndi timalangizo ta chibadwa, tomwe tinachititsa kuti mphuno yanuyi ipezeke pankhope panga. Koma m'mawa umenewo anali atandiputa. Anati mutu wanga ndi wa nkhuku, mawu omwewomwewo ndidzaloweza mpaka liti. Ndiye ndinati ndibweze. Ndinatong'ola maso n'kunena kuti eya, majini enieniwo, miyandamiyanda, onse m'jakisoni mmodzi, ndipo akalowa mu selo palibe wamakiyi angawatulutse.

Ndinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke. Anapukuta sopo kumaso n'kulowa m'nyumba, ndevu zili mbali imodzi.

Kodi ndinaiwala bwanji za amayi? Ine ndinali wamng'ono, inu munaona zambiri. Koma ndikukumbuka akulankhula okha kukhitchini, akung'amba makatani, ndiponso azimayi a mumzere mwathu akunong'onezana pa mpope kuti mayi uja ali ndi majini. Chichokereni kumanda mawu amenewa sanamvekeponso m'nyumba muno. Ndawatulutsa ndine, ndipo ndawatulutsira nthabwala. Ndikakumbukira mmene ndinkasekera, thupi lonse limachita manyazi.

Tsiku la katemera litafika, ndinapeza jekete lija analibwezera m'sutikesi.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndinapepesa, ndinati zinali zocheza. Ndinawatsegulira buku n'kuwalozera zilembo chimodzichimodzi. Anati zilembo si zawo, iwo makutu anamva bwinobwino. Ndinawauza kuti majini a Chingereziwa aliyense anabadwa nawo, iwo ali nawo, ine ndili nawo. Mayo ine, ndinangothira mafuta pamoto! Anandiyang'ana n'kunena kuti ndisadzanenenso kuti ndili nawo.

Ndinanyengerera abwana anga, eni sitolo, kuti abwere adzawafotokozere. Abambo anawalandira mwaulemu, anavomera chilichonse, anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwera anati munthu wogulitsa mankhwala angawanyoze bwanji mankhwala. Anatinso ku ndende anaphunzirako chinthu chimodzi: mawu oyamba a mkaidi ndiye oona, achiwiri amakhala a loya. Ndiye kwa iwo nthabwala yanga ija ndi imene inali choonadi, zonse ndikunena panopa ndi zimene sukulu inandiuza kuti ndizinena.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti matenda a chifuwa opatsirana aja, omwe katemerayu amateteza, alowanso mumzere mwathu. Atelala oyandikana nafe, anzawo a abambo amene amakhala nawo pa benchi ya kwa ometa tsitsi, anawatengera kuchipatala sabata yatha ndipo akupumira makina. Abambo akupitabe pa benchi pomwepo. Ndikakhala kuntchito foni ikangolira, ndimaithamangira poganiza kuti ndi za iwo. Akatsokomola kuchipinda kwawo ndimaima pakhomo n'kumamvetsera ngati ndi chifuwa chakale chija kapena china.

Dzulo ndinalephera kupirira. Ndinawagwira miyendo ndikulira, ndinati andilange mwanjira ina iliyonse koma osati iyi. Anandidzutsa n'kundikhazika pa bedi. Anati sakundilanga ayi, ndiponso imfa sakuiopa.

Kenako anandiuza chimene sindinkachidziwa. Anati tsiku lina amayi atavuta kwambiri, akufuna kudzipweteka, iwo anawamanga manja ndi lamba wa yunifolomu yawo. Amayi ankawatchula dzina, akuwapempha kuti awamasule, iwo atakhala pansi pafupi nawo osawamasula. Anati pa anthu onse amene anawatsekerapo, ndi nkhope imeneyo yokha imene imawabwerera.

Anati analumbira kuti iwo sadzamangidwa choncho ndi mwana wawo. Chifuwa chikafuna kuwatenga chiwatenge nzeru zawo zili momwemo, koma ine ndisadzagwire lamba.

Mwamva, achimwene? Akukana katemera pofuna kunditeteza ine, mwini bodza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ndi amene munkapita ndi amayi kuchipatala abambo akakhala pa ntchito. Munandiuzapo kuti matenda awo anali ndi dzina, analinso ndi mankhwala, ndipo sanali majini. Ine munandiuza, koma abambo simunawauzepo, chifukwa tonse timaizemba nkhani imeneyi. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera pa kulakwa kumene si kwanu. Koma mawu anga panopa ndi a loya. Anu sanawamve, adzakhala oyamba.

Musayambe ndi za katemera, adzadziwa kuti ndakutumani. Muyambe ndi amayi. Muimbe m'mawa chifuwa chisanawatopetse, ndipo akakudulani foni muimbenso. Zondikalipira mundisungire, ndidzazilandira zonse, koma muimbe kaye sabata ino.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa, ndipo asatengere pakamwa panga. Mulungu akusungeni, akupatseninso mawu amene ine ndasowa.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Chapakamwa