Mapazi a Amayi

Limbuli, Mulanje
14 Ogasiti, 2017

Okondedwa achimwene a Inocencio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Musanawerenge kalatayi, yambani mwakhala pansi.

Paja ndinakuuzani kuti amayi anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nawapatsa timapilitsi toyera tomwa m'mawa uliwonse. Chomwe ndinakubisirani ndi ichi. Patatha mwezi, mapazi awo anatupa ngati mikate. Amalume a Fanuel atangowaona anati, "Ili ndi tsempho, osachita kufunsa. Alamu akuyenda kunja kwa banja, matenda n'kumagwera mlongo wanga."

Achimwene, amene anaikira umboni ndine. Ndinanena pamaso pa ankhoswe kuti ndinaona ababa atakweza mayi wina panjinga, akuseka naye pamsika. Nanga munthu wa kabaza azikweza ndani? Koma pakamwa pangapa mukupadziwa, sipadikira mutu.

Ababa anangondiyang'ana n'kuti, "Marcia, ndi iwe yemwe?" Mkamwini alibe mawu pamudzi wa eni. Anamanga zovala pakaliyala, nawoloka pa Muloza kubwerera kwawo ku Milanje, atakhala nafe zaka makumi atatu.

Masabata atatu apitawo ndinapita ndi amayi kuchipatala ku Boma, poti zitsamba za amalume sizinaphule kanthu. Adokotala anawerenga kabuku kawo, nadina phazi ndi chala.

"Ndi mapilitsiwa, mayi," anatero. "Anthu ena amawatupitsa mapazi. Tikusinthirani, koma musasiye kumwa mankhwala. Bwanji simunabwere msanga?"

Ndinafunsa kawiri, yankho lomwelo. Kenako tinakwera minibasi kubwerera kunyumba.

Pano mapazi aphweratu. Amalume akuti ndi zitsamba zawo zagwira mochedwa, koma akumadutsa kuseri kwa nyumba. Ine manyazi andigwira mpaka kumsika sindikupondako. Ndinatumiza uthenga wopepesa ku Milanje, ababa n'kuyankha kuti akondwa kumva kuti amayi achira. Zobwera sananene.

Ana akupereka moni, alamu anunso chimodzimodzi. Moni wa amayi ndilibe, poti sanandisiyire. Lero m'mawa avala nsapato, aika mapilitsi atsopano m'kachikwama pamodzi ndi zitenje zonse, nalunjika ku Muloza. Nditati ndiwaperekeze, anati, "Tsala mwanangu, wachita kale zambiri."

Ine mlongo wanu,
Marcia